Kuthamanga Mailosi 26 M'mzinda wa London

Sabata ino ndifuna ndikutengeni pa ulendo wa ku Mangalande, kuti mukaone chinthu chimene chimachitika m'mzinda wa London chaka ndi chaka, kawirikawiri tsiku lina la Sabata m'mwezi wa Epulo. Tsiku limenelo misewu ikuluikulu imatsekedwa, galimoto sizidutsa, ndipo anthu zikwizikwi amathamanga wapansi mtunda wa mailosi 26 ndi mayadi 385. Pa muyeso wa makono ndiwo makilomita 42 ndi mamita 195. Mpikisano wotere amautcha marathon.

Mtundawu musaupeputse ai. Uli pafupifupi theka la ulendo wochokera ku Lilongwe kunka ku Dedza. Munthu woyenda bwino, wopanda katundu pamutu, amadula mailosi atatu pa ola. Kotero akanyamuka dzuwa likutuluka adzafika litapendeka, atayenda maola asanu ndi anayi osakhala pansi. Tsono anthu awa sayenda, amathamanga. Palibe chilombo chowapirikitsa, palibenso wodwala amene akukamuitanira galimoto. Amachita kupempha okha malo, nalipiranso ndalama.

KUMENE UNACHOKERA

Marathon ndi dzina la mudzi wa m'dziko la Greece. Nthano yake imati m'chaka cha 490 Yesu asanabadwe, Agiriki atagonjetsa ankhondo a ku Persia pamudzipo, anatuma mthenga kuti athamangire ku Athens kukanena za chipambanocho. Ndipo iye anafika, nanena mau ake, nagwa pomwepo, nafa. Ambiri odziwa mbiri yakale amati imeneyi ndi nthano chabe, koma ndiyo inapatsa anthu nzeru yoika mpikisanowu pa masewera a Olympic oyamba a makono, ku Athens komweko mu 1896. Anapambana Spyridon Louis, mnyamata wakumudzi amene ankathandiza atate wake kutunga madzi ogulitsa.

Nanga mayadi 385 apamwambawo anadza bwanji? Anachokera ku London. Mu 1908 masewera a Olympic anachitikira kumeneko, ndipo okonza atayesa njira yochokera ku nyumba yachifumu ya Windsor kufikira m'bwalo la White City, inakwana mailosi 26 ndi mayadi 385. Mu 1921 akuluakulu a masewera anapangana kuti muyeso ukhale womwewo kulikonse. Mayadi amenewa anaonetsa ukali wake tsiku loyamba lomwelo. Mtaliyana wina, Dorando Pietri, ndiye analowa m'bwalo poyamba, koma anali atatheratu: anakhotera kolakwika, namubweza, nagwa kangapo, ndipo oyang'anira anachita kumugwiriziza kuti adutse mzere. Chifukwa cha chithandizocho anamulanda chipambano napatsa Johnny Hayes wa ku America. Mfumukazi Alexandra inamva chisoni, nimupatsa Pietri chikho chakechake.

Mpikisano wa London umene ndikunena lero ndi wa pambuyo pake. Anauyambitsa Chris Brasher ndi John Disley, ndipo woyamba unachitika pa 29 Malichi 1981. Anthu 6,255 anafika kumapeto. Amuna awiri amene anali patsogolo, Dick Beardsley wa ku America ndi Inge Simonsen wa ku Norway, analimbana njira yonse osasiyana, ndipo pofika pa mzere anagwirana manja nadutsa pamodzi. Mwa akazi anapambana Joyce Smith, mai wa ana awiri, wa zaka 43. Amayi owerenga, chimenechi chisakupiteni.

KUPEZA MALO

Tsono tiyeni tiyerekeze kuti wothamangayo ndinu. Choyamba muyenera kupeza malo, ndipo pamenepa pokha ambiri amagwa. Pa mpikisano wa 2025 anthu oposa 840,000 analembetsa maina, koma misewu singalandire onsewo. Amene anathamanga nafika kumapeto chaka chimenecho anali 56,640. Kotero amachita mayere, ndipo alipo anthu amene amalembetsa chaka ndi chaka mayere osawagwera. Njira ina ndiyo kupita ku bungwe lothandiza odwala, ana amasiye kapena osauka, ndi kulonjeza kuti mudzalisonkhera ndalama, kawirikawiri mapaundi 2,000 kapena kuposa, popempha abale, anansi ndi anzanu a kuntchito. Chiyambire 1981, ndalama zosonkhedwa motere zinapitirira mapaundi biliyoni imodzi mu 2019. Chifukwa chake ambiri mwa othamangawo amakhala atalemba kumsana kwa malaya dzina la mai wao kapena mwana wao amene anamwalira ndi nthenda yakutiyakuti. Munthu wotere sathamangira mphotho, ndipo kulekera panjira kumamuvuta koposa, pakuti ndalama za anthu analandira kale.

Kalata ikabwera yakuti malo mwapeza, kondwerani tsiku limodzi lokha. Walira mvula walira matope.

MIYEZI INAYI YA KUZIZIRA

Kukonzekera kumatenga monga miyezi inayi, kuyambira Januwale, ndipo ku Mangalande imeneyo ndiyo nyengo ya chisanu. M'mwezi wa Januwale dzuwa limalowa itangopitirira 4 koloko, kotero munthu wa pantchito amathamanga mumdima, m'mamawa kapena usiku, mvula yozizira ikumumenya kumaso. Amatero masiku atatu kapena anayi pa sabata, ndipo tsiku limodzi amachita ulendo wautali, nawonjezera pang'onopang'ono: sabata ino mailosi 10, sabata yamawa 12, kufikira atakwanitsa 20. Ambiri sapitirira pamenepo. Mailosi asanu ndi limodzi otsalawo adzakumana nawo koyamba tsiku la mpikisano lomwelo, ndipo mudzamva posachedwa kuti ndiwo mailosi otani.

Wina adzati, "Ife olima ndi khasu kuyambira mbandakucha, tingalephere zimenezi?" Mphamvu muli nazo ndithu, ndipo mtima wopirira muli nawo kuposa anthu ambiri a m'maofesi amene amathamanga ku London. Koma mphamvu ya khasu ili m'msana ndi m'mapewa. Pa marathon mapazi amamenya msewu wouma wa tala ka 40,000 kapena kuposa, ndipo kumenya kulikonse kumakwera m'akakolo, m'mawondo ndi m'chiuno. Mtima ndi mapapo zimazolowera msanga, koma mitsempha ndi mafupa zimachedwa. Amene afulumira kuwonjezera mtunda amapweteka bondo mu Febuluwale, nadzaonerera mpikisano ali chikhalire. Ng'ombe yatsopano simuimangirira pa pulawo tsiku lonse pa ulendo woyamba. Mumayamba ndi goli lokha, kenaka chipika, kenaka ndime yaifupi.

Masabata awiri kapena atatu otsiriza amachepetsa kuthamanga kuti thupi lipume, ndipo masiku otsiriza enieni amadya kwambiri zakudya zokhutitsa monga mpunga, mbatata ndi buledi.

M'MAWA WA TSIKULO

Mudzadzuka kusanache, ngati munagona n'komwe. Mudzadya phala, ndi kukwera sitima yodzaza anthu ovala makabudula, onunkha mankhwala opaka m'miyendo, onse ali duu. Poyambira pali kum'mwera cha kum'mawa kwa mzinda, pa dambo lalikulu la Blackheath ndi pa Greenwich Park. Thumba la zobvala zanu mudzalipereka ku lole yolembedwa manambala, imene idzatsogola kukakudikirani kumapeto. Pachifuwa mudzakhala mutamata nambala yanu, ndipo muli ndi kachipangizo kakang'ono kamene kamauza makina nthawi imene mwadutsa poyambira ndi malo ena m'njira. Ichi n'chofunika, chifukwa khamu lotere silinganyamuke nthawi imodzi. Amalitulutsa m'magulumagulu, ndipo a kumbuyo amayamba akatswiri atapita kale mailosi ambiri. Akulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, koma kuno aliyense ali ndi koloko yakeyake.

Mzere wautali koposa m'mawa umenewo ndi wa ku chimbudzi. Mantha amatsegula m'mimba, ndipo wanzeru amaima pamzerepo kawiri. Ambiri amabvala juzi yakale podikira, naitaya pambali ponyamuka, ndipo zobvala zimenezo zimatoledwa kukapatsa mabungwe othandiza osowa.

Musanayambe, pakani mafuta m'mphechepeche, m'khwapa ndi pa nsonga za mawere. Amuna musaseke. Malaya onyowa ndi thukuta akakhuza malo amodzi kwa maola anayi amasupula khungu, ndipo chaka chilichonse amaoneka amuna akufika kumapeto ndi mizere iwiri ya magazi pachifuwa. Nsapato zatsopano musabvale tsikulo. Bvalani zimene phazi lazolowera.

THEKA LOYAMBA

Mailosi oyamba ndi okoma, ndipo kukoma kwakeko ndiwo msampha. Miyendo yapuma, anthu akuimba m'manja, msewu ukutsetsereka kunka ku Woolwich, ndipo thupi likuti, "Tiye, lero ndi lero." Amene amvera mau amenewa amadzalipira kutsogolo ndi chiwongoladzanja. Kuthamanga sikufika. Wodziwa amadzigwira, nalola anthu kumupitirira, ngakhale ena obvala zoseketsa: wina wabvala ngati chipembere, wina ngati botolo, wina wasenza chinthu kumsana. Mu 2002 Lloyd Scott anayenda njira yonse atabvala chobvala cholemera cha anthu omira pansi pa nyanja, ndipo inamutengera masiku asanu ndi maola ena.

Mutapitirira mailosi 6 mudzazungulira Cutty Sark, chombo chakale cha matanga chimene chinamangidwa mu 1869 kuti chizikatenga tiyi ku China. Tsopano chinaimikidwa pamtunda kuti anthu azichiona. Pamenepo phokoso la anthu limagonthetsa m'khutu. Ngati munalemba dzina lanu pa malaya, anthu osakudziwani adzakuitanani ndi dzinalo njira yonse. Ana amatambasula manja kuti muwaombe, amayi amagawa maswiti ndi zidutswa za malalanje, pena pali ng'oma, pena malipenga, pena kwaya ya tchalitchi. Anthu a ku London masiku ena onse sapatsana moni m'sitima, koma tsiku limeneli amaima maola ambiri kulimbikitsa alendo.

Pamsewu mudzaona mzere wa buluu wodukizadukiza. Umenewo umasonyeza njira yaifupi koposa, imene inayesedwa. Akatswiri amautsata, koma inu muli pakati pa khamu mudzakhala mukulambalala anthu, ndipo pofika kumapeto mudzakhala mutathamanga mtunda woposa umene unalembedwa.

Pa mailosi 12 msewu umakhotera kumanja, ndipo mwadzidzidzi patsogolo panu pali Tower Bridge, mlatho wa nsanja ziwiri wowoloka mtsinje wa Thames. Ambiri amati pamenepa ndipo pamakoma koposa, ndipo ena misozi imalengeza. Koma mutatsika mlathowo simunafikebe pa theka. Ndipo m'malo mokhotera kumadzulo kumene kuli mapeto, njira imakutembenuzirani kum'mawa. Pa msewu wotchedwa The Highway mudzaona tsidya linalo anthu akubwerera kale, ali pa mailosi 22. Yang'anani nkhope zao bwino, pakuti ndi mmene yanu idzakhalira.

NKHOKWE IKATHA

Tsopano tafika pa mtima wa nkhaniyi, ndipo inu alimi mudzaimva msanga kuposa anthu a m'tauni.

Thupi la munthu lili ndi nkhokwe ziwiri. Yoyamba ndi yaing'ono: ndiyo shuga wosungidwa m'minofu ndi m'chiwindi, wochokera ku nsima, mpunga ndi mbatata zimene timadya. Ameneyu ali ngati ufa wosinjasinja umene uli kale m'dengu, ukafunika umangotapidwa. Yachiwiri ndi yaikulu kwambiri, ndiyo mafuta a m'thupi, ndipo ngakhale munthu woonda ali nawo okwanira kuyenda masiku. Koma ameneyu ali ngati chimanga cha m'makoko: kuti chisanduke nsima chiyenera kutongoledwa, kukonoledwa ndi kusinjidwa, ndipo zimenezo zimatenga nthawi. Munthu akamathamanga amatapa monse muwiri, koma akafulumira amatapa kwambiri m'dengu. Tsono dengulo, ngakhale litadzaza bwanji, limakwanira mailosi monga 18 kapena 20 okha. Mpikisano ndi wa mailosi 26.

Inu mudziwa chimene chimachitika pakhomo pamene chimanga cha chaka chonse chatha mu Januwale, cha m'munda chisanache. Ndi mmene zimakhalira m'miyendo. Angerezi amati munthu wagunda khoma. Ku London khomali limapeza anthu cha ku Isle of Dogs ndi ku Canary Wharf, pakati pa nyumba zazitali za mabanki, kapena potuluka kumeneko cha ku Poplar. Silibwera pang'onopang'ono monga kutopa kwa kumunda. Mailo yapitayo munali bwino. Mailo ino miyendo yasanduka mitengo, ngati wina wakumangirirani matumba a mchenga. Akatumba amakokana. Ndipo popeza ubongo nawonso umadya shuga yemweyo, nzeru zimachita chidima: munthu wophunzira amalephera kuwerengera mailosi otsala, wina amakwiya ndi anthu omwe akumuimbira m'manja, wina amalira osadziwa chimene akulirira. M'mbali mwa msewu mudzaona amuna amphamvu atagwira mpanda akuwongola mwendo, ena akuyenda chotsimphina, ena atakhala pansi mutu uli m'manja. Ambiri mwa iwo ndi aja anakupitirirani ku Woolwich.

Mankhwala ake ndi omwe aja a nkhokwe. Dzazani bwino musanayambe. Musatape mowononga pa chiyambi. Ndipo muziwonjezeramo pang'ono m'njira njala isanafike: othamanga amanyamula timapaketi ta shuga wa phalaphala, namwa kamodzi pakapita mphindi 30 kapena 40. Maulendo ataliatali aja a m'chisanu ntchito yake inanso ndiyo kuphunzitsa thupi kusinja mafuta msanga, kuti dengu lichedwe kutha. Koma ngakhale mutachita zonsezi, mailosi asanu ndi limodzi otsiriza amawawa kwa aliyense. Pamenepo munthu amaleka kuganiza za mapeto, nayamba kupangana ndi miyendo yake: tifike pa mtengo wa magetsi uwo, tsopano pa winawo.

MADZI NDI DZUWA

Apa ndinene mosabisa kuti pa mpikisanowu anthu ena anafapo, ngakhale ndi owerengeka pakati pa khamu lalikulu chotere. Ambiri mwa iwo inali nthenda ya mtima imene sanaidziwe. Chifukwa chake munthu amene amamva kupweteka pachifuwa kapena chizungulire akagwira ntchito yolemetsa ayenera kuonana ndi dotolo asanayambe n'komwe kukonzekera.

Dzuwa nalonso ndi mdani. Mu 2018 kunatentha kufika madigiri 24, ndipo mwamuna wina wa zaka 29 anagwa atapitirira mailosi 22, namwalira kuchipatala. Anzathu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa akamva madigiri 24 adzati kumeneko ndi kuzizira. Koma thupi lothamanga lili ngati ng'anjo, limapanga moto wakewake, ndipo anthu awa anakonzekera m'chisanu, thupi losazolowera kutuluka thukuta lambiri.

Chodabwitsa ndi ichi, chakuti madzi omwe angathe kupha. Mu 2007 mnyamata wa zaka 22 anamaliza mpikisano, nagwa, namwalira, ndipo madotolo anapeza kuti anamwa madzi opitirira muyeso. Thukuta limatulutsa mchere m'thupi. Tsono munthu akamangothira madzi okhaokha pa malo alionse ogawira, mchere wotsala m'magazi umasukuluka, ndipo ubongo umatupa. Ngoziyi imagwera makamaka oyenda pang'onopang'ono, amene amakhala panjira maola asanu kapena asanu ndi limodzi ali ndi mpata womwa botolo lililonse. Langizo la madotolo ndi lakuti imwani monga mwa ludzu lanu, osati monga mwa mantha anu. Anthu a St John Ambulance amakhala njira yonse, ndipo kuima kuti akuoneni si chamanyazi.

A PATSOGOLO

Pamene inu mukulimbana ndi mlatho uja, a patsogolo amakhala atamaliza. Mu 2023 Kelvin Kiptum wa ku Kenya anathamanga njira yonseyi m'maola 2, mphindi 1 ndi masekondi 25, ndipo kufikira tsikulo panalibe amene anatero ku London. Kuti mumvetse, pitani pa bwalo la mpira la pasukulu, muthamange kuchokera ku golo kufika ku golo linzake m'masekondi 17. Mukatha, chitaninso osapuma, kufikira mutachita ka 400 ndi kupitirira. Mnyamatayu anakula akuweta ng'ombe za kwao, ndipo anamwalira pa ngozi ya galimoto mu Febuluwale 2024 ali ndi zaka 24 zokha. Mwa akazi, Paula Radcliffe wa ku Mangalande anamaliza m'maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 25 mu 2003, ndipo padziko lonse panapita zaka 16 mkazi wina asanamupose. Palinso mpikisano wa olumala pa njinga zopalasa ndi manja, umene David Weir anapambana kasanu ndi katatu.

Eliud Kipchoge, amene anapambana ku London mu 2015, 2016, 2018 ndi 2019, ndi mwana wa kumudzi wa m'boma la Nandi ku Kenya, ndipo ali mnyamata ankanyamula mkaka panjinga kukagulitsa. Anthu amakonda kufunsa kuti kodi Akenya ndi Aitiyopiya ali ndi mankhwala anji. Kwa ine yankho lili poyera. Malo amene Kipchoge wakhala akukonzekerako, ku Kaptagat, ali pamwamba kuposa nsonga ya phiri la Zomba, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo magazi amaphunzira kunyamula wochuluka. Amathamanga mailosi oposa 100 pa sabata, m'magulu, m'misewu yafumbi, nagona msanga. Chakudya chao chachikulu ndi ugali, imene ndi nsima yomweyi, pamodzi ndi masamba, nyemba ndi tiyi wamkaka. Ndipo mnyamata wa kumeneko amaona ndi maso ake mnansi amene anagula munda ndi ng'ombe ndi ndalama za liwiro. N'zoona kuti ena agwidwapo akugwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa, nachotsedwa pa masewera, ndipo amenewo aipitsa mbiri ya anzao. Koma mankhwala sangasandutse waulesi kukhala katswiri.

MAYADI 385

Tibwerere kwa inu. Mwadutsa Tower of London, mwalowa m'njira ya pansi ya ku Blackfriars, mmene muli mdima ndi bata, ndipo ambiri amabisalamo kuti ayende pang'ono anthu osawaona. Potuluka muli m'mbali mwa Thames, khamu likufuula mbali zonse. Kutsogolo kukuoneka nsanja ya koloko ya Big Ben, koma imachita ngati ikuthawa. Pofika pamenepo mwatha mailosi 25. Mukhotera kumanja, mutsata msewu wa Birdcage Walk m'mphepete mwa St James's Park, ndipo pafupi ndi nyumba ya Mfumu ya Buckingham pali chikwangwani chonena kuti kwatsala mayadi 385, omwe aja anagwetsa Pietri.

Amagwetsabe anthu mpaka lero. Mu 2017 wothamanga wina miyendo inamukana mapeto akuwaona, nayamba kudzandira ngati woledzera. Mnzake wosamudziwa, amene akanatha kungodutsa kuti asunge nthawi yake, anaima, namukoleka dzanja paphewa, nayenda naye kufikira pa mzere. Masiku ano wothandizidwa wotere wa pakati pa khamu samulanda mendulo. Ndipo musaganize kuti njirayi ndi ya anyamata okha. Fauja Singh, amene anakhala mlimi ku Punjab m'dziko la India kufikira ukalamba asanasamukire ku London, anaithamanga koyamba mu 2000 ali ndi zaka 89, namaliza asanakwane maola asanu ndi awiri.

Mapeto ali pa msewu waukulu wofiirira wotchedwa The Mall. Mukadutsa mzere, wina adzakukolekani mendulo m'khosi. Musakhale pansi msanga, chifukwa kudzuka kudzakhala mlandu. Yendani pang'onopang'ono kunka ku lole ija ya thumba lanu. Thukuta likauma mudzayamba kunjenjemera ndi kuzizira ngakhale dzuwa lilipo, ndipo nkhope idzakhala yoyera ndi mchere. Ena amaseka, ena amasanza, ambiri amalira. Pobvula nsapato mudzapeza matuza, ndi chikhadabo chimodzi kapena ziwiri zitada bii; zimenezo zidzagwa pakapita masabata, zina n'kumera.

M'mawa mwake mudzawazindikira anzanu m'masiteshoni a sitima za pansi pa nthaka, ngakhale sanabvale mendulo. Kukwera makwerero amatha, koma potsika minofu ya m'ntchafu imakana ndithu, kotero amatsika chammbuyo, atagwira chitsulo ndi manja awiri, anthu a pantchito akuwalambalala. Kuwawaku kumakula tsiku lachiwiri, nkuyamba kutha pakapita masiku anayi kapena asanu. Ndipo mayere a chaka chotsatira amatsegulidwa masiku omwewo. Pa mpikisano wa 2026 analembetsa anthu oposa miliyoni imodzi.